Mapapo a Ababa

Tembisa, Joni
14 Ogasiti 2024

Okondedwa achimwene a Hamidu,

Asalamu alaikumu. Popeza foni yanga munaitsekera, ndapempha a Douglas, aja amanyamula katundu wa anthu kupita kumudzi, kuti kalatayi akakupatseni m'manja pa Namwera pomwepo. Mukafuna kuing'amba, muing'ambe mutawerenga.

Mawu aja munatumiza pa gulu la abale la pa foni ndinawamva. Aliyense anawamva, ndi ana omwe. Akuti ine Fadila ndinadulitsa mtembo wa Ababa ngati mbuzi chifukwa cha dyera la ndalama, ndiye ndisadzaponde pakhomo tsiku la sadaka. Chabwino. Zoti ndinalola madokotala kutsegula chifuwa cha Ababa n'kuchotsa mapapo n'zoona, ndipo sindikupepesa. Koma mumve kaye chifukwa chake, pakuti nkhaniyi sinathere kumanda. Yatsalira pa Amayi.

Inu munakulira kumudzi kwa amalume, ine ndinakulira kuno, ndiye zina simunazione. Ababa ankagwira ntchito pa fakitale ina ku Germiston, yopanga mapaipi ndi malata a asibesitosi. Ntchito yawo inali yodula malatawo pa makina. Madzulo ankafika ali mbuu, tsitsi, nsidze, ndevu, ine n'kumawaseka kuti afika akuchigayo. Chotseka pamphuno panalibe. Kapitawo ankangogawa mkaka tsiku ndi tsiku, ati umatsuka fumbi m'chifuwa. Mkakawo Ababa sankamwa n'komwe, ankandibweretsera ine. Loweruka Amayi ankapachika ovololo ya Ababa pa waya kuseri kwa kachipinda kathu n'kuikung'untha ndi ndodo asanaichape, kuti sopo asathe msanga. Fumbi linkachita kuwaphimba, iwo akuimba.

Fakitale itatsekedwa Amayi anabwerera kumudzi, Ababa n'kuyamba kusamala maluwa m'nyumba za ku Edenvale. Panapita zaka zambiri, mpaka tinaiwala. Ndiye mpweya unayamba kuwathera Ababa. Kuchipatala anati ndi TB. Anamwa mapiritsi mpaka kumaliza, osasintha. Anatinso ndi TB. Kumapeto kuno ankaswali chokhala, ndipo pemphero la Fatiha sankatha kulimaliza osapumira pakati. Inu pa foni munkamva akuti ali bwino. Ine ndi amene ndinkawatsamiritsa pa mapilo kuti asabanike.

A William, mnzawo wa pa fakitale paja, ndi amene anabwera kudzatiuza kuti anzawo akutha mmodzimmodzi ndi chifuwa chomwechi, ndipo anatitengera kwa loya wina wamkazi amene akutsata nkhani ya chipukutamisozi. Eni fakitale aja alipo, achimwene. Anangosintha dzina, ofesi yawo ili ku Bedfordview, pakhomo pali maluwa othiriridwa bwino. Tinapitako. Munthu wawo, mwana wamng'ono kwa ine, sanawayang'ane n'komwe Ababa. Anauza loya kuti, "Anthu ochokera kumayiko awa ambiri ali ndi TB. Mwinanso ankasuta fodya. Umboni woti ndi fumbi lathu uli kuti?"

Fodya! Ababa athu, amene munthu akayatsa ndudu pafupi ankasamuka pamalo. Ndinaimirira ndi ukali mpaka loya anandigwira dzanja. Ngakhale pano ndikulemba, cholembera chikuboola pepala.

Loya anatiuza mosabisa kuti popanda kuyeza mapapo enieniwo, anthu aja azingoti TB mpaka kalekale, ndipo Ababa anali atafooka kwambiri moti madokotala sakanawachita opaleshoni. Tili mu takisi pobwerera, Ababa anandikoka mpango.

"Fadila, ndikafa akanditsegule. Akaone okha."

"Ababa, ashehe sangalole zimenezo."

"Allah anandiumba ndi dothi, sangalephere kundibwezera mapapo. Koma bodza ili ndisalowe nalo m'manda."

Atamwalira, a Osman ndi azibambo a kumzikiti anafika kuchipatala ndi sanda, manda atakumba kale, akuti dzuwa lisalowe tisanaike. Sindikuwada, amachita zomwe timachita tonse. Koma ine ndinaima pakhomo la mochale n'kukana. A Osman anati, "Mwanawe, mwana wamkazi salamula maliro." Ndinati, "Sindikulamula ine, akulamula mwini wake mtembo." Ndi pamene anakuimbirani foni. Munandikalipira anthu onse akumva, koma simunandifunse ngakhale kamodzi kuti mlongo wanga, chachitika n'chiyani. Maliro anachedwa, inde. Osambitsa anaona ulusi pachifuwa n'kukuuzani, inde. Mukuganiza kuti ine sindinauone? Mukuganiza kuti sundibwerera m'maso ndikamadya?

Sabata yatha loya anandiitana, dokotala amene anayeza mapapowo ali pomwepo. TB munalibe, achimwene. Munalibe ndi pang'ono pomwe. Mapapo anali ataumiratu, odzaza ndi tiulusi ta fumbi lija, ndipo anapezamo khansa imene imabwera ndi fumbi limeneli. Mapiritsi onse aja ankangowazunza nawo chabe. Ndinakhala pansi, pa simenti, m'ofesi ya eni ake. Tsopano a ku Bedfordview aja akuti akufuna tikambirane. Kaya chipukutamisozicho chidzatuluka liti, sindikudziwa, ndipo sindikudziwanso misozi yake iti imene akuti apukute. Chomwe ndinkafuna n'choti asiye kuwanamizira Ababa, ndipo pamenepo pokha ndawatseka pakamwa.

Ndikunyamuka, dokotala uja anandifunsa funso limodzi. "Zovala zawo za kuntchito ankachapa ndani?"

Achimwene, tsiku la maliro ndinayankhula ndi Amayi pa foni yanu musanandidule. Anakhosomola. Chifuwa chouma, chosatulutsa kanthu, ndipo anaima pakati pa mawu kuti akoke mpweya. Alamu a Rahima anati ndi kuzizira kwa ku Namwera. Ine chifuwa chimenecho ndakhala nacho m'chipinda chimodzi, ndimachidziwa ngati mawu a Ababa.

Ndiye pempho langa ndi ili, ndipo sindikugwada popempha. Atengereni Amayi kuchipatala chachikulu akawajambule chifuwa. Mukawauze madokotala kuti mayi awa anakung'untha ovololo ya asibesitosi zaka zambiri ku Joni. Akakati ndi TB asanayeze bwinobwino, mukakane. Mwina sichinthu, ndipo ndikupempha Allah kuti ndikhale ndikulakwitsa, mudzandiseke. Koma ngati ndi chomwecho, loya akuti akazi ochapa zovala nawonso nkhani yawo imamveka, ndipo thandizo lingawapeze akadali moyo. Akadali moyo, achimwene. Mukazengereza chifukwa chokwiyira ine, tsiku lina azibambo adzafika ndi sanda, ndipo pakhomo la mochale mudzaima ndinu.

Mundiperekere moni kwa alamu a Rahima ndi ana. M'chikwama chomwe a Douglas anyamula muli mkeka wa Ababa woswalira ndi chipewa chawo choyera chija. Ndi zanu, ndinu mwana wamwamuna, ndipo iwo ankakunyadirani mpaka tsiku lomaliza, ngakhale pano zikundiwawa kulemba zimenezo.

Amayi musawaopseze. Mungowauza kuti Fadila akuti asamasese pabwalo, adzasesa yekha akafika. Pakuti ku sadaka ndikubwera. Mukandibweza pakhomo sindidzakangana nanu pamaso pa alendo. Ndidzazungulira kuseri kwa nyumba, ndikaime pa zenera la Amayi, ndimve mmene akupumira.

Ndine mlongo wanu, mufune musafune,

Fadila