Bandeji ya bambo

Lolemba, 3 Malichi
Abwera. Achimwene awatula pakhomo ngati thumba la makala, injini osazimitsa n'komwe. Akuti, "Iwe ndiye wa kuchipatala, akhale kuno mpaka chilonda chipole." Ine ndimayeza magazi mu labu, sinditsuka zilonda. Bambo amene anatithawa ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, lero ali tambalale pabalaza panga. Fungo mpaka kukhitchini.

Lachinayi, 6 Malichi
Kuchipatala. Chilonda pamwamba pa kakolo, chaka ndi theka osapola. Mitsempha yobweza magazi inatopa, magazi amangodikha m'mwendo. Adokotala a kafukufuku awalemba m'buku lawo. Amatenga madzi a pachilonda, ife n'kuyezamo mapuloteni amene amadya mnofu watsopano. Akachuluka, chilonda chikanirira. Akachepa, chipola msanga. Bambo mano onse pamtunda, kudzitama kwa manesi: "Ayeze ndi mwana wanga." Mwana wanu kuyambira liti?

Lachiwiri, 11 Malichi
Malamulo salola kuyeza za m'bale wako, ndiye wayeza mnzanga wa magalasi. Koma ndasuzumira. Mapuloteni otsika bwinobwino. Adokotala akuti bandeji yothina osaphonya, mwendo m'mwamba, pakatha milungu inayi chichepa, miyezi itatu chitseka. Mwayi umatsata anthu olakwika. Amayi, amene sanathawe munthu, kachilonda ka shuga kanawatengera kumanda. Ndazunguliza Juni pa kalendala. Atuluke.

Lamulungu, 23 Malichi
Mlamu wabwera ndi malalanje anayi ndi malangizo khumi, mphuno atatseka ndi mpango. Akuti tipake phulusa. Mphindi makumi awiri, wapita.
Bambo atsuka mbale, akonza chitseko cha bafa. Akuganiza kuti zaka makumi awiri ndi zisanu zimakonzeka ndi sikuludiraiva.

Lachiwiri, 8 Epulo
Kuchipatala ayeza chilonda ndi rula. Sichinachepe, chakula. Adokotala nkhope yagwa. Madzi ayezanso, zotsatira zomwe zija. Tsopano akukayikira makina athu, akukayikira mnzanga, amulembetsa lipoti. Nesi wamkulu amene amawamanga bandeji, munthu wosaseka, anangoyang'ana bandeji n'kuti, "Mamangidwe awa si anga."

Lachinayi, 10 Epulo
Ndinaiwala kiyi wa kabati ya kuntchito, ndabwerera masana. Ndawapeza bambo ataimirira pa sinki, mwendo wosamanga, wotupa mpaka kunyezimira. Bandeji yokulungidwa mwaluso patebulo. Amamasula ndikangotuluka, amamanganso ikamakwana folo. Mwezi wathunthu. Sanakane. Anangoti, "Chikapola ndipita kuti?"
Ndatenga kiyi, ndatuluka. Ndakwera basi kubwerera kuntchito. Munthu wamkulu kuwoletsa mwendo wake kuti apeze pogona, wina n'kutsala pang'ono kutaya ntchito. Sanasinthe. Kale ankanama kuti achoke, lero akunama kuti akhale.

Lachisanu, 11 Epulo
Ndawauza adokotala zoona, manyazi mpaka m'makutu. Makina alibe mlandu, mnzanga alibe mlandu. Ndamupepesa.
Achimwene sakuyankha foni. Mlamu akuti nyumba yawo ili ndi masitepe. Masitepe awiri.
Nesi wandiphunzitsa kumanga. Madzulo ndamanga ndekha, kuyambira kuzala mpaka pansi pa bondo, n'kusainira ndi bolopeni pamene bandeji yathera. Akamasula ndidziwa. Ndawauza bambo kuti mwendo ukadulidwa ine sindikankha munthu pa njinga ya olumala. Sitinayang'anane. Phazi lawo ndi langa lenileni, chala chachiwiri chotalika. Zandinyansa.
Afunsa ngati ndidzawathamangitsa. Ndati chipole kaye.
Sindinawakhululukire, asadzinamize. Koma sindingamadumphe munthu pabalaza m'mawa uliwonse. Mawa ndichotsa makatoni m'kachipinda ka kuseri.