Dimba la Apongozi

Lachitatu, 17 Ogasiti 1983

Ndatopa, mutu ukuwawa. Ndili pa msasa wa tchuthi ndi ana a Giredi 6 m'mphepete mwa mtsinje wa Katete. M'mawa ndinaunjika dothi ngati kaphiri n'kuthirapo madzi, kuti aone mmene mvula imakokololera nthaka kumtsinje. Ndinalankhula mpaka mawu kusasa, koma ambiri anali kalikiliki kugwira nkhanu.

Masana tinatsata mtsinje. Tinapeza dimba latsopano, mikuyu yonse yadulidwa, repu wabzalidwa mpaka pamadzi, gombe layamba kugumuka. Mtima unandipsa. Ndinakalipa kuti, "Mwini dimba ili alibe nzeru, akupha mtsinje!"

Kenako Tisaine, mtsikana wa m'mudzi wa akazi anga, anati, "Aphunzitsi, limeneli ndi la apongozi anu. Repu amene tinadya dzulo anatipatsa ndi iwowo."

Tsiku lonse anawa samamva, koma mawu anga okalipawo okha ndiye awagwira bwino! Loweruka akawatula kumudzi. Ine mkamwini, amene tikakumana ndi apongozi panjira ndimapatukira kutchire, ndikayambira pati...