Njele za mtengo wa atate

Lachitatu, Novembala. Kwatentha tsiku lonse, mitambo ikungotinamiza.

Lelo ndatsegula chitini cha njele zija ndinatola kwathu ku Msanzala, pansi pa mtengo wa maluwa ofiila umene atate anabzala chaka chimene ndinabadwa. Alongo anga anaudula chilimwe chatha, ati mizu inkang'amba khoma la nyumba. Ndimati ndibzale wanga kuno ku Nyimba mvula ikagwa.

Zafumbwa! Njele zili mabowo okhaokha, pansi pa chitini pali ufa, anankafumbwe akuyendayenda ngati kwawo.

Amai anandiuza tsiku lija ndinazitola kuti, "Thilamo phulusa, mwanawe, monga timachitila ndi nyemba." Ine ndinaseka. "Amai, kachilombo kangaboole njele yolimba ngati mwala?" Nzelu za m'tauni zimenezo.

Tili ana tinkagwedeza makoko aataliatali a mtengowo ngati maseche. Malemu atate ankakonza njinga pamthunzi pake, maluwa n'kumagwela pachipewa chawo, iwo osasansa n'komwe.

Ndasankha imodziimodzi mpaka maso kuwawa. Zamoyo zatsala ziwili zokha, ndaziviika m'kapu ya madzi ofunda.

Mawa ndiwaimbila foni amai. Akakafunsa za phulusa, kaya...