Chisudzulo cha Papepala

Okondedwa achimwene a Baurzhan,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Aktau kumeneko pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kodi chifuwa chija chinakusiyani? Kuno ku Taraz ana ali bwino, kungoti Inkar waguluka mano awiri akutsogolo ndipo akukana kuseka pagulu. Ine ndiye kudzuka ndikudzuka.

Munatumiza mafuno abwino titalowa m'nyumba yatsopano. Sindinayankhe, chifukwa ndikanayankha ndikanakunamizani.

Mukukumbukira kachipinda ka lendi kaja kuseri kwa msika, komwe makoma ake ankachita chuku nthawi yozizira. Tinakhalamo zaka, anthu asanu. Dzina lathu linalembedwa kalekale kuti tilandire ngongole ya boma yogulira nyumba, koma mzere wake sunkasuntha. Tsiku lina bambo a ana, a Yerkin, anabwera kuchokera kugalaja akumwetulira. Anati mnzawo wawatsina khutu kuti mayi wolera yekha ana amamuika patsogolo, chiwongoladzanja chakenso n'chochepa. Anati tikathetse ukwati kuboma, papepala pokha.

Ndinakana. Iwo anaseka, amvekere, "Iwe Marzhan, pepala limagona ndi munthu? Anatimangitsa ukwati ndi shehe, osati kalaliki. Makiyi akangotuluka tikalembetsanso, ndidzakugulira ndi diresi lomwe."

Apongozi anandithirira tiyi ndi dzanja lawo, zomwe sanachitepo chilowereni ine m'banja lawo, n'kunena kuti mkazi wanzeru amaganizira ana. Ndinavomera.

Kalaliki atafunsa chifukwa, a Yerkin anati sitigwirizana khalidwe, uku akundiponda phazi pansi pa tebulo kuti ndisaseke. Potuluka anandigulira ayisikilimu.

Kuti oyendera a boma asakayike, anasamukira kwa amayi awo. Poyamba ankabwera kudzadya tsiku ndi tsiku. Kenako Lachisanu lokha. Kenako ankangoimba foni kuti magalimoto achuluka.

Nyumba inatuluka chisanu chisanayambe, zipinda ziwiri, pamwamba penipeni pa nyumba yosanja. Ngongole yonse ili m'dzina langa, amadula pamalipiro anga a kosoka zovala. Tsiku lolandira makiyi ndinaphika nyama ya hatchi n'kukazinga timandasi ta baursak todzaza beseni. A Yerkin anabwera, anayatsa magetsi chipinda chilichonse, anatsegula mpopi wa madzi otentha, n'kundifunsa kuti, "Waziona nzeru zanga?" Nditatchula zokalembetsanso ukwati anati tidikire kaye, boma lingatilande nyumba.

Nkhani ndinaimva kwa mayi wogulitsa mkaka. Anandifunsa ngati ndinali nawo paphwando la kwa apongozi. Nditafunsa kuti phwando lanji, anagwira pakamwa. Achimwene, a Yerkin akwatira mtsikana wa ku Merke, dzina lake Togzhan, ndipo ameneyo amulembetsa kuboma, chidindo ndi zonse. Ndi woyembekezera, kuchipatala awauza kuti ndi mwana wamwamuna. Ine paja ndinawaberekera atsikana okhaokha atatu.

Ndinapita kugalaja. Anatuluka pansi pa galimoto, anapukuta manja pang'onopang'ono, n'kundiuza kuti ndisakuwe pamaso pa makasitomala. Anati sanandisiye, pamaso pa Mulungu ndidakali mkazi wawo. Ndinati ngati zili choncho andimasule pamaso pa Mulunguyo. Amvekere, "Ndikumasule kuti ukalowetse mwamuna wina m'nyumba yanga?"

Nyumba yawo! Yomwe sanaikepo ngakhale ndalama ya tenge imodzi. Ndiye onani pomwe ndili. Kuboma ndilibe mwamuna woti angandithandize ngongole. Kumzikiti ndili naye woti azindilamula.

Sabata yatha apongozi anakwera masitepe onse aja ndi mawondo omwe amati amawawa. Anayendera zipinda, anagwiragwira mapaipi otenthetsera m'nyumba, n'kunena kuti kwawo kumazizira, khanda silingakhaleko. Akuti Togzhan atenge chipinda chachikulu, ine ndi ana tipanikizane m'chaching'ono, poti akazi a mwamuna mmodzi ndi pachibale. Akuti ndikakana akaulula kuboma kuti chisudzulo chinali chabodza, nyumbayo ipite, tiluze tonse. Kaya angaterodi, sindikudziwa.

Akmaral, wamkulu uja, anamva zonse ali kukhitchini. Agogo ake atapita anandifunsa kuti, "Amayi, ndiye kusukulu ndizinena kuti bambo alipo kapena palibe?" Ndinamuuza kuti atsuke makapu.

Loko wa pachitseko ndasintha. Ana anga sadzabwereranso kogona atavala majasi.

Lamlungu loyamba la mwezi wamawa apongozi akubwera ndi amalume awo a a Yerkin kudzakamba nkhaniyi. Sindikupempha ndalama. Sindikufunanso kuti mudzamenye munthu, ndimakudziwani inu. Mukadzere kaye kumudzi mukawauze amayi, chifukwa mpaka pano amandifunsa pafoni ngati mkamwini wawo akudya bwino. Muwauze atakhala pansi, mtima wawo uja mukuudziwa. Kenako mubwere mudzangokhala pamenepo, aone kuti nanenso ndinachokera kwa anthu. Zolankhula ndidzalankhula ndekha.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Sandugash ndi ana onse. Mulungu akusungeni kuzitsime za mafuta kumeneko, ndipo akuyendetseni bwino panjira.

Ndine mlongo wanu,
Marzhan