Vinyo wa maapozi wandilanda madzulo anga

Aphungu,

Ndine mayi wachikulire, ndipo kalatayi akundilembera ndi mwana wanga wamkazi chifukwa maso anga sakuonanso bwino zilembo. Akulemba akuseka, koma nkhaniyi ine ikundiwawa.

Amuna anga anapuma pa ntchito yoyendetsa basi chaka chatha. Miyezi yoyamba ankangokhala pakhonde ali duu, maso kumsewu, kudya kochita kuwakakamiza. Tsiku lina ndinawapempha kuti andiwerengere kapepala ka mankhwala anga. Anakawerenga ngati munthu wowerenga nkhani pa wailesi, ine kuseka mpaka misozi. Kuyambira pamenepo, tikadya madzulo ankatenga buku n'kumandiwerengera, wakuba mawu ake, nkhalamba mawu ake, mtsikana mawu ake. Aphungu, zaka zonse takhala m'banja sindinamvepo kukondedwa chonchi.

Kenako kunabwera maapozi. Mnzawo wogulitsa zipatso anawapatsa thumba la maapozi amene anayamba kufewa, n'kuwauza mmene angapangire vinyo. Amuna anga anawasinja, kuwafinya pansalu, madzi ake n'kuthira m'chigubu. Pano kachipinda kathu kosungiramo katundu kasanduka fakitale. M'mawa asanandipatse moni amayamba akaika khutu pachigubu. "Mayi a ana, tabwerani mudzamve, akupuma," amatero. Botolo lina la vinyoyo analibisa muwadiropu ndipo linaphulika, moti diresi limene ndinavala pa ukwati wa mwana wathu mpaka lero likununkha maapozi.

Zonsezi ndinapirira. Koma vinyo atapsa anaitana anzawo kuti adzalawe: wometa tsitsi, telala, ndi mayi wina wamasiye woyandikana nafe nyumba. Atamwa kapu imodzi, amuna anga anatulutsa buku lathu lija n'kuyamba kuwerenga. Tsopano anthuwa akubwera pafupifupi madzulo alionse. Mayi uja amaseka mpaka kugwira nthiti, amvekere, "Bambo, tabwerezani pamenepo." Ine ndasanduka wotsuka makapu. Dzana anamaliza mutu wonse ndili kukhitchini, ndipo mpaka pano sindikudziwa kuti mtsikana wa m'bukumo anathawa bwanji kwa amalume ake.

Alendo atapita ndinawafunsa amuna anga kuti, "Kodi bukuli ndi la ndani?" Iwo anangomwetulira n'kuti, "Ndi lathu tonse, mayi." Sanandimve n'komwe.

Sikuti amaledzera, ayi, koma chondidetsa nkhawa n'chakuti amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Nthawi zina ndimaganiza zokakhuthulira chigubucho m'ngalande. Koma ndikaona mmene nkhope yawo yawalira, ndimaopa kuwabwezera pakhonde paja. Kodi imeneyi ndi nsanje yaukalamba? Nditani?

E.N.

Mayi E.N.,

Inde, ndi nsanje, ndipo musachite nayo manyazi. Munthu wokhala zaka zonsezi m'banja n'kumalirabe mawu a mwamuna wake ali ndi mwayi umene ambiri ondilembera alibe.

Koma funso lanu lija munalifunsa mokhotakhota. Amuna anu anamva za buku, pamene inu mumanena za mtima. Mawa m'mawa, asanapite kukaona chigubu chawo, muwagwire mkono muwauze mosabisa kuti mukuwasowa, ndipo mukufuna madzulo anu abwerere. Ndikukhulupirira adzadabwa, chifukwa iwo akuona ngati mukusangalala nawo limodzi.

Mukatero mugwirizane masiku. Alendo azibwera kamodzi pa sabata, masiku enawo ndi a inu awiri. Mabuku akhalenso awiri, la gulu ndi lanu, ndipo lanulo lisamatuluke m'chipinda. Mutu umene unakudutsaniwo akuwerengereni kaye, mumve mmene mtsikanayo anathawira. Tsiku la alendo musamabisale kukhitchini. Khalani pambali pa amuna anu, makapu adzatsukidwa m'mawa, ndipo mwini fakitale manja ali nawo.

Za vinyoyo, chigubu musachikhudze. Munthu amene wapeza chomudzutsa m'mawa atapuma pa ntchito salandidwa chinthucho. M'malo mwake loweranimo. Maso akuvutani koma lilime lili bwino, ndiye mukhale inu wolawa woyamba, wonena ngati wawawasa kapena watsekemera. Auzeninso kuti vinyo satsekeredwa m'botolo akadali kuchita thovu. Adikire mpaka atasiyiratu, ndipo mabotolo azikhala m'bokosi pansi, kutali ndi zovala komanso nkhope za anthu. Nthawi ino linali diresi, mawa likhoza kukhala diso.

Pa tsiku lawo la kuchipatala mupite nawo, mukafunse adokotala ngati mankhwala awo akugwirizana ndi chakumwachi, ndiponso mlingo wake. Mukafika kumeneko muonetsenso maso anu. Mavuto ena a maso a akuluakulu amachizika, musangowavomereza.

Chenjezo langa ndi la mayi woyandikana nanuyo. M'kalata yanu sindinaonemo cholakwa chake kupatula kuseka, ndiye musamusandutse mdani kapena kumutsekera chitseko. Iye akatsanzika amakalowa m'nyumba mopanda womuyankhula, pamene wowerengayo amatsala ndi inu.

Aphungu