Ndayanika Chilonda Padzuwa

Elube,

Ndapita kuchipatala. A Mphepo anditenga pa njinga yawo yamoto, iwe uli kuchigayo.

Chilonda cha pamwendo chija chafika poipa, ndipo wolakwa ndine. Kansalu ka mankhwala kotchedwa kolajeni kamene anamwino adaika Lachiwiri ndidakamasula dzana. Ndidapeza katasungunuka, katasanduka ngati phala m'chilondamo. Iwo adanenadi kuti kamatero, kuti nyama yatsopano imamera bwino pakakhala chinyezi. Koma ine ndakalambira m'chigafa, ndipo chimene ndimadziwa n'chakuti tsamba likanyowa limaola. Ndidakapala ndi kamtengo, n'kuyanika mwendo padzuwa masana onse. Lero watupa mpaka m'bondo. Fungo lake ngakhale galu wathu wandithawa.

Pepa, mwanawe. Ukadandiletsa, n'chifukwa chake sindidakuuze.

Mapaketi awiri a kolajeni otsala ndawasiya. Ali m'chikwama cha malemu amayi ako, kuseri kwa chitseko. Ubwere nawo mawa. Fodya wa m'chigafa cha kumadzulo usamutsitse dzuwa litakwera, aphwanyika. Dikira mame a m'mawa, ayambe wafewa. Mlongo wako Duncan usamuimbire foni, angasiye ntchito ku Lilongwe kudzangondiyang'ana.

Pali china chimene ndidakubisira. Mwezi watha adokotala adandiuza kuti chilondachi chikafika pafupa, mwendo adula. Sindikudziwa ngati chafika. Pobwera unditengere nsapato zonse ziwiri, tikaonera komweko.

Ndine bambo ako