Galeta Losiyidwa Pambalambanda

Lolemba, 6 Novembala

Dzulo ndaluza magemu onse atatu a shogi, chesi ya kuno ku Japan. Zikabwerezeka pa 19 anditsitsa kalasi kuholo ya shogi, ndikakhale pansi pa ana a kupulayimale, ine wa zaka 16. Kusukulu palibe wafunsa. Amangodziwa kuti Ikuto uja amasewera shogi.

Aphunzitsi Tsurumaki akadali ku Hungary, ku mpikisano wa chesi. Kuno ku Osaka ndi katswiri wa shogi, anthu amawapatukira pa masitepe. Kumeneko awaluzitsa kamtsikana ka zaka 12. Ndaona chithunzi: kamtsikana katambasula dzanja kuti agwirane chanza, iwo awerama. Akumwetulira.

Lachitatu, 8 Novembala

Ndadya udoni, manudozi a mu msuzi, pa siteshoni ndi a Minowa, amene ananditsogolera kulowa kwa Aphunzitsi. Chaka chamawa akwana zaka 26, malire. Akapanda kukhala katswiri pofika apo, basi.

"Mwanawe, mphunzitsi wako wakwapulidwanso ndi khanda."

"Ndi wanunso."

"Wanga ndi wa shogi. Wazidole za chesi uja ndi wako."

Akuti kuholo anthu akunena kuti Aphunzitsi akadapanda kugawa mutu pawiri bwenzi akulimbirana maudindo, osati kumatsetsereka chaka ndi chaka. Mazira onse awiri a mu udoni a Minowa adya okha.

Lachisanu, 10 Novembala

Aphunzitsi abwera. Aimbira Amayi, osati ine. Ndinali pa khonde, Amayi akuweramira foni.

"Akuti Loweruka la sabata yamawa upite kwawo, mukasewere."

Mphunzitsi amasewera ndi wophunzira wake kawiri kokha: polowa ndi potuluka. Gemu yolowera tinasewera ndili ndi zaka 11. Yotulukira mphunzitsi amaluza dala, kuti munthu achoke ndi kanthu m'manja.

"Ine sindinawapemphe chilichonse," atero Amayi, ndisanafunse. Pa tebulo panali timabuku ta sukulu zamadzulo zokonzekera yunivesite.

Lamulungu, 12 Novembala

A Minowa amva kale.

"Mwayi wako! Udzauza zidzukulu kuti unagwetsa Tsurumaki."

Sindinaseke. Atero kuti mnzawo wina pa gemu yotulukira anapatsidwa golide, chidutswa chofunika pa bolodi, nalira mpaka pa siteshoni. "Ukalandire ndi manja awiri, mphwanga. Osawachititsa manyazi akuluakulu." Kenaka anayang'ana sitima ya mbali ina nthawi yaitali.

Lachiwiri, 14 Novembala

Masamu 41. Mvula.

Loweruka, 18 Novembala

Ndinapita mu yunifolomu. Akazi a Aphunzitsi anandipatsa tiyi ndi chokoleti cha ku Hungary, chowawa.

Aphunzitsi anayamba ndi za chesi. Akuti anaiyamba ali ndi zaka 40. Akuti kumeneko kulibe malire a zaka, nkhalamba imakhala moyang'anana ndi mwana. "Kuluza kwa kumeneko kumakoma, Ikuto. Palibe amandidziwa. Umaluza, nkudya buledi, mawa nkubweranso." Kenaka akuti kalabu yawo ya chesi ya Lachinayi ikusowa achinyamata a mutu ngati wanga.

Ndinati, "Inde." Palibenso china.

Anatulutsa bolodi lonenepa la miyendo lija. Sanachotse chidutswa ngakhale chimodzi kumbali kwawo, tinayamba ofanana. Ine ndinagwada. Iwo anangopinda miyendo ngati akuonera TV.

Poyamba zinayenda bwinobwino. Pakati pa gemu ananyamula galeta lawo, chidutswa champhamvu koposa, nkuliika pomwe kavalo wanga akadaopseza mfumu ndi galetalo nthawi imodzi. Masiku onse akamaika chidutswa chimalira, pha! mpaka chipinda china. Ili analiika mwakachetechete. Kenaka anayang'ana pa windo.

Ndinawerenga mizere yonse, mwina unali msampha. Sunali. Kudya galeta, gemu yatha, ine ndatha.

Mu shogi chidutswa chimene wadya chimasanduka chako. Ndinatenga msilikali amene ndinawadyera poyamba nkumuika kutsogolo kwa mfumu yanga. Kusuntha kopanda pake.

Anayang'ana bolodi, nkuyang'ana ine.

"Sunalione?"

"Ndaliona."

"Ndiye?"

"Sindikulifuna."

"Ukudziwa kuti ndiwe wopanda ulemu?"

"Inde, Aphunzitsi."

Anavula wotchi nkuiika pa mkeka. Anadzuka pang'ono, nagwada bwinobwino, msana njo, monga amachitira pa TV.

Zotsatira sindingazilembe zonse. Galeta lomwelo linalowa kwanga. Pha, pha, pha. Siliva wanga, golide wanga, zonse zinatembenuka nkumandithamangitsa. Mfumu yanga inathera pa ngodya yopanda mnzake. Sindinamenyedwepo chonchi, ngakhale ndi kompyuta.

Ndinawerama. "Ndagonja."

Ndinadikira kuti atolere zidutswa m'bokosi. Sanatolere. Anazibweza ndi zala ziwiri mpaka koyambirira, kutali galeta lija lisanafike.

"Apa. Siliva uyu akutani kuno? Wabwera kudzaona malo?"

"Ndimaopa mbali ya kumanzere."

"Umaopa. Miyezi yonseyi ukuluzira mantha omwewa, ine ndili ku Ulaya ndimachita kuwamva fungo. Sewera china."

Ndinasewera china.

"Choipa. China."

Akazi awo anasuzumira pa chitseko, foni ili m'manja. "Mayi ake akufunsa ngati mwamaliza."

Aphunzitsi sanacheuke.

"Auze kuti Ikuto achedwa. Iwe, manja pa bolodi."